Ka R Pamwamba pa Kakyuleta

Lolemba, 4 Ogasiti
Pepala la masamu Lachisanu. Kachitatu aka kulemba mayeso a GCE. Atate anena kuti ndikalepheranso ndipita ku Katete kukasamalira azakhali odwala aja, za unesi ziiwalike. Sanakweze mawu. Bola akanakalipa.

Lachiwiri, 5 Ogasiti
Kutushoni ku Ngungu aphunzitsi a Chongo atikhazika pa ma quadrant mpaka mutu kuwawa. Komwe sin ili plus, komwe cos ili minus. Akuti kakyuleta ndi waulesi: ukamufunsa sin⁻¹ 0.5 akupatsa 30 basi, 150 ufune wekha. Lorraine, wa pabenchi langa, wangotseka buku. "Ine izi nasiyira Mulungu, mwana." Iye akalephera palibe kumene amupitikitsire.

Lachitatu, 6 Ogasiti
Sin² + cos² = 1. Ndachapa nazo, ndatunga nazo madzi. Mafunso a trig a pepala lakale ndakhoza onse. Ndikuopa kukondwa.

Lachinayi, 7 Ogasiti
Akulu anga a Oswald, aja akuphunzira zamagetsi kukoleji, abwereka kakyuleta wanga. Wawo wafa batire. Ndinakana. "Iwe Dorcas, ndimudya?" Amutenga ndithu. Abweza madzulo, ndamuika m'chikwama osayatsa.

Lachisanu, 8 Ogasiti
Ndalemba.
Sin θ = 0.8, pezani ma angle awiri. Kakyuleta wandipatsa 0.93. Kachepa, mtima unandiuza, koma nthawi inali itathawa. Ndachotsa pa 180 monga a Chongo anatiphunzitsa, ndapitirira. Pa funso la triangle mbali ina yatuluka ndi minus. Ndangoifufuta minusiyo. Mutu ukuwawa, sindidya.

Loweruka, 9 Ogasiti
Ndakumana ndi Lorraine pa siteshoni ya minibasi. "Lija la sin, 53 na 127, si mwamene?" Ndamusiya pomwepo, liwiro kunyumba.

Kufika kunyumba ndayatsa kakyuleta. Pamwamba pa galasi, pomwe pamakhala ka D ka madigiri, pali ka R. Kang'ono ngati nyerere. Ndiye kuti trig yonse, bearing yonse, triangle ija, zonse ndawerengera muyeso wina.

Ndawaonetsa a Oswald. Akuti, "Aa, ife kukoleji timagwiritsa ma radian. Ungodina apa na apa, yabwerera." Adina. Ka D kabweradi. Ndimafuna kuwaswa naye pamphumi, koma ndangolandira.

Lamulungu, 10 Ogasiti
Kuchalichi sindinayimbe. Pobwerera Atate akuti, "Tidikire ma result, mwana wanga, ulendo uno ndakuona, wawerenga." Ndati inde Atate.

Sutikesi ndaitsitsa pamwamba pa wadirobu. Zipi yake ndi yakufa, ndifunse Amayi singano.