Chitenje Chanu Pamsana pa Yamikani

Zemba, Chadiza
Ogasiti, 1995

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno tilipo. Papita zaka zitatu chikugonekereni kumanda, chaka chija cha chimanga chachikasu, ndipo nkhani zandiunjikira mumtima popanda womuuza. Ndiye khalani pansi, mumvere mwana wanu wolongolola uja.

Ndiyambe ndi zakumunda. Mvula inachedwa kubwera n'kufulumira kuchoka. Nkhokwe sinadzaze, koma mtedza wa pachulu panu unayesetsa. Mbuzi yanu yamawanga inaswa mapasa. A Zuze, anzanga a ku Mozambique aja munkawagawira mbewu ya nyemba, anabwerera kwawo nkhondo itatha. Nyumba yawo yagwa denga. Madzulo ndikaweruka kusukulu ndimayang'anabe pakhonde pawo, ngati kuti andiitana.

Pakati paja munasiya mpongozi wanu Esinati ali napo panabadwa mtsikana. Tinamutcha Enelesi, dzina lanu. Ndiwo zikachepa mchere amatsinya nkhope ngati inu nomwe.

Esinati sali pakhomo pano. Mukukumbukira munkati mpongozi wanu ali ndi mutu, usaolere pamtondo? Mu Januwale anamuitana kukoleji ya aphunzitsi ku Chipata, zaka ziwiri. Ndinamuperekeza ndekha kukakwera minibasi ku Boma. Ndinatsala ndi mdzukulu wanu Yamikani, amene tsopano ali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndi kamwana aka. Alongo anu, atsibweni a Gilibati, anafuna kunditumizira mdzukulu wawo wamkazi kuti asiye sukulu azidzatiphikira. Ndinakana. Ndingatulutse bwanji mtsikana wina m'kalasi kuti mkazi wanga alowemo?

Ntchito sinandivute. Munabala amuna okhaokha, atate ali kumigodi, ndipo munatiphunzitsa zonse. Ndikamanyinyirika pamtondo munkati, "Sinja iwe, manja alibe ndevu." Ndikamakana kubereka mng'ono wanga munkati, "Mwana akalira safunsa kuti msana ndi wa yani."

Koma ndikufotokozereni mmene amuna a kuno timaganizira, poti inu munkaziseka chabe. Mwamuna akatunga madzi m'zigubu n'kumanga panjinga, palibe choipa, chifukwa njinga ndi yachimuna. Akaphika chitseko chili chotseka, anthu amati sanaone. Chimene sangakhululuke ndi chitenje. Tsiku la sikelo ndinatenga chitenje chanu chobiriwira chija, cha mbalame, ndinabereka Enelesi, n'kukaima pamzere pakati pa amayi, khadi kumanja. Kuyambira tsiku limenelo, pansi pa mtengo pomwe timasewera bawo malo anga anatha. Palibe anandithamangitsa. Kungoti ndikafika nkhani imaduka, wina n'kufunsa, "Aphunzitsi, nanga mkaka wayamba kutuluka?" Ena amati Esinati anandidyetsa mankhwala. Atsibweni anabwera dala kudzandiuza kuti mkazi akaphunzira kwambiri amaiwala njira ya kwawo, ndipo ine ndikumuononga mnyamata.

Zonsezi ndikanapirira. Chimene chinandilasa ndi Yamikani. Anzake anayamba kumutcha mwana wa amayi awiri. Anamenyana nawo kawiri, kachiwiri anabwera mlomo utatupa. Analeka kuyenda nane. Ndikamutuma kutsuka mbale ankazitsuka, koma kuseri kwa nkhokwe, kuti odutsa asamuone. Ine, monga mukundidziwa, ndinamukhazika pansi n'kumufotokozera. Ndinafotokoza za inu, za mphamvu imene si nkhonya, za amuna amene amaopa kuseka kwa anzawo kuposa njala ya ana awo. Ndinafotokoza mpaka tiyi anazizira. Iye maso ali pansi, chala chikulemba m'dothi. Pomaliza anangoti, "Mwatha, atate?"

Mwezi watha anandipatsa kalata yoti ndikaponye ku Boma, yopita kwa amake. Inalibe envulopu. Amayi, ndikuulula kwa inu, ndinaiwerenga. Analemba kuti: "Amama bwerani. Atate akusekedwa mudzi wonse. Ine sindingathenso kupita kumpira. Sukulu yanu yakwana."

Mumamudziwa Esinati. Akanangowerenga mawu amenewo, akanamanga katundu tsiku lomwelo, ndipo malo akukoleji sapatsa kawiri. Kalatayo inakhala m'thumba la jekete langa milungu itatu. Ndinkaphunzitsa nayo, kupemphera nayo. Kuitaya kunali kumunamiza mwana, kuiponya kunali kumudula miyendo mkazi wanga. Ndinalakalaka mukanakhala pamphasa panu mukutongola chimanga, n'kundiuza mawu amodzi okha. Kenaka ndinamuitana Yamikani. Ndinamuuza kuti ndinawerenga kalata yake, ndinalakwa, ndipo sindinaiponye, ndinalakwanso. Ndinaiika pawindo n'kunena kuti, "Ndi yako. Ukanenanso kuti ipite, ipita." Kalata inakhala pomwepo, itatsamiritsidwa ndi mwala.

Loweruka lapitali ndinapita ku Boma kumsonkhano wa aphunzitsi. Enelesi ndinamusiya akusewera, mphuno yokha ikuchucha. Pobwerera, dzuwa litapendeka, ndili panjinga pafupi ndi kachipatala kathu, ndinaona patsogolo munthu atabereka mwana pa chitenje chobiriwira cha mbalame. Kwa kamphindi ndinaiwala kuti ndinathira dothi ndi dzanja langa. Ndinatsala pang'ono kufuula kuti, "Amayi!"

Anali Yamikani, akuchokera kuchipatalako. Thupi la mwana linatentha masana, anayamba kunjenjemera, ndipo amayi apafupi onse anali kumaliro kutsidya. Njira yachidule yochokera kwathu mukuidziwa, imadutsa pabwalo la mpira, ndipo tsiku limenelo kunali masewera. Anadutsa pomwepo, anzake onse akuona. Adokotala anati ndi malungo, ndipo akanadikira ine nkhani ikanakhala ina.

Ndinafuna kumulandira mwanayo. Anakana, akuti wangogona kumene, adzuka. Ndiye ndinatsika panjinga, tinayenda limodzi, koyamba m'miyezi isanu. Apo m'pamene ndinaona mmene anamangira chitenje. Mfundo inali kumanzere, pansi pa phewa. Inu munali amanzere, munkamanga choncho, ine ndinatengera kwa inu osadziwa n'komwe. Sindinamuphunzitsepo. Masiku onse aja ine ndikuti sakundimva, iye ankayang'ana manja anga.

Ndinamufunsa ngati anamuseka. Anati, "Anaseka." Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze, koma ndinakumbukira inu mukuti, "Mphika ukapsa usawonjezere nkhuni." Ndinatseka. Mukanandinyadira.

Musaganize kuti zonse zatha. Kubawo akadandiseka. Atsibweni sanapondenso pakhomo pano. Yamikani mbale akutsukirabe kuseri kwa nkhokwe, ndipo dzulo anabwera ndi malaya ong'ambika, osanena chifukwa. Ana akagona nyumba imakula, ndimamva mbewa zokha kudenga. Ndimamusowa Esinati. Ndimakusowani inu.

Koma lero m'mawa Yamikani wandipatsa kalata ija. Mawu akale sanafufute, akuti amama adziwe zonse. Pansi pake wawonjezera, ndipo wandiwerengera yekha: "Zapamwambazo ndinalemba kale. Musabwere. Malizani. Enelesi anadwala koma wachira, ndinapita naye ndine. Atate amathira mchere wochepa koma tikudya."

Mawa ndipalasa njinga kukaiponya, nditagula envulopu, Yamikani aimate yekha. Yanuyi ndilibe koiponya. Ndiipinda, ndiike m'chitini chanu cha singano.

Ndikulonjezani ziwiri. Esinati adzamaliza, ndipo tsiku lobwera ndi pepala lake tidzabwera naye kudzalambula pamanda panu. Chinanso, chitenje chanu sindichibisa m'sutikesi, ngakhale chayamba kutha m'mbali. Chizikhala pachingwe, poti aliyense m'nyumba muno angachifike.

Gonani bwino, Amayi. Ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu woyamba,
Laisoni