Mvuu ya ku Dimba Kwanga

Lolemba, 9 Sepitembala 2024

Yalowanso. Mizere isanu ya chimanga kulibe, repu yamupondaponda ngati padutsa thirakitala. Ndafika kudimba m'mawa kuti ndithirire, ndangokhala pansi. Mapazi a mvuu ali ponseponse, ndipo pambali pake pali ena ang'onoang'ono. Ili ndi mwana.

Munda wa ku Shimabala unapserera ndi dzuwa, sitinakololemo kanthu. Dimba la kumtsinjeli ndi lomwe likutisunga: ine, mwana wanga Mwaiwathu, ndi khanda lake la miyezi iwiri. Mtima wanga ukuwira.

Lachitatu, 11 Sepitembala

Mwai akuti mkaka ukuuma. Khanda limayamwa, kusiya, kulira. Tikudya kamodzi patsiku, nshima ndi repu wopanda mafuta.

Ba Shadreck a dimba loyandikana ndi langa anabwera. "Ba Dainess, tiyeni tikakambe kuli baja ba vinyama. Imwe muli na kamwa, bazamvela." Pakamwa ndiye ndili napo. Ndinapita ku ofesi yoona za nyama zakuthengo, ndinalankhula mpaka bwana wa kumeneko anataya cholembera. Koma ndinathirako mchere. Ndinati mvuuyo inandithamangitsa, pomwe sinandithamangitsepo. Za kamwana sindinatchule.

Lachinayi, 12 Sepitembala

Lero ndaiona ndi maso anga, dzuwa likuswa mtengo. Mvuu kutuluka m'madzi masana! Yaonda, chikopa chachita makwinya ngati bulangete lakale. Ndinayang'ana m'mbali mwa mtsinje, msipu wonse ng'ombe zinamaliza, kwina kunapsa ndi moto. Chobiriwira chokha ndi madimba athu.

Ndinamenya chitini changa choopsezera nyama, ngwe ngwe ngwe. Inabwerera pang'onopang'ono, kamwana kakuigunda kumimba kufuna bere.

Loweruka, 14 Sepitembala

A zanyama aja aiombera. Zipolopolo ziwiri.

Mbiri inathamanga kuposa minibasi. Anthu ndi mabaketi, mabeseni, zikwanje, ngakhale aja a nyumba zabwino ku Estates amene amatidutsa osapereka moni. Kukankhana ngati kulibe mawa. Mayi wina anagwera m'matope koma beseni sanalitaye.

Kenako kamwana kanatulutsa mutu m'madzi n'kuyamba kulira. Bwana wa zanyama uja, mfuti ili m'manja, anandifunafuna m'gulumo. "Amayi, simunakambe ati ili na mwana." Ine wapakamwa ndinayang'ana pansi, koma baketi ndinadzaza.

Lamulungu, 15 Sepitembala

Kutchalitchi abusa anapempherera anjala onse a dziko lapansi, kutchula maiko omwe sindidzawaona. Ba Clementina a kwaya anapereka umboni kuti Mulungu watigwetsera nyama m'chaka cha chilala. Ameni anagwedeza malata.

Mwai wadya kawiri, wamwa msuzi wambiri. Masana wandiitana akuseka: "Amama, onani, wabwela!" Bulauzi itanyowa ndi mkaka. Khanda layamwa mpaka kugona bere lili m'kamwa. Ndasangalala, sindinama. Nanenso ndadya, ndipo inali yokoma. Chikundipweteka n'chimenecho.

Lolemba, 16 Sepitembala

Sindinapite kudimba. Ba Shadreck akuti kamwana ka mvuu kakungozungulira pomwe anasendera amake.

Lachiwiri, 17 Sepitembala

Ndakapeza kataima kunja kwa mpanda wanga waminga, mphuno ili pansi. Kamsinkhu ngati nkhumba yaikulu. Sikanathawe, mwina mphamvu zothawira kalibe.

Chitini chinali kudzanja limodzi, ndodo kudzanja linalo. Ndinaima nthawi yaitali. Ndinawerenga mizere yotsala, khumi ndi iwiri. Ndinaganiza za Mwai, ndinaganizanso za bodza langa lija.

Ndinaika chitini pansi. Ndinakoka minga ya kumbali ya mtsinje, n'kuitchinga mkati, kusiya mizere itatu ya chimanga chanthete panja. Minga yandibaya zala zonse.

Ba Shadreck anakuwa ali kwawo: "Ba Dainess, mwapenga? Muzadya chani?" Chomwe tidzadye sindikudziwa. Sindikudziwanso ngati kamwana kongosiya bere kangakhale moyo ndi masamba okha.

Ndinabwerera m'mbuyo n'kukhala pa ndowa. Kanayandikira, kananunkhiza, kanabwerera, kanayandikiranso. Ndikulemba pano kope lili pabondo, magazi a chala akudetsa pepala. Kathyola tsamba loyamba.