Wigi Yoyera pa Tsiku Lometa

Indianapolis, Indiana

Amayi anga okondedwa,

Choyamba ndifuna kumva za moyo wanu. Muli bwanji kumeneko? Miyendo ija yasiya kutupa? Achimwene a Bizwick akuti chitisiyireni bambo, chakudya mukumangochilawa n'kukankha mbale. Amayi, muzidya. Ife kuno tilipo, kungoti kuzizira kwafika msanga chaka chino, ndipo galimoto yathu m'mawa ikumachita kunyengereredwa kuti ilire. Mdzukulu wanu Tiffany wagulula dzino lakutsogolo. Chichewa amamva chonse, koma amandiyankha m'Chizungu ngati bwana wanga.

Ndalemba kalata chifukwa foni yanga simukuyankha. Sindikukuimbani mlandu. Chithunzi chimene anakuonetsani ndi changa ndithu, palibe anachipeka: mwana wanu ali mu wigi yoyera mbee, milomo ili psuu, diresi yonyezimira, mano onse panja, tsiku lomwelo limene inu kumudzi munkameta maliro a bambo. Ndikanakhala inu, nanenso foniyo ndikanangoiyang'ana ikulira. Koma ndiloleni ndifotokoze mmene zinayendera, kenako muweruze nokha.

Mukudziwa kuti ndimagwira ntchito panyumba yosamalira okalamba ku Lawrence. Mwezi uliwonse timawakonzera tsiku lachisangalalo, ndipo la mwezi uno linali la mafilimu akale, a nthawi imene kanema anali atangoyamba kutulutsa mawu. Okalamba a kuno sanawaiwale akazi otchuka a m'mafilimu amenewo: tsitsi loyera ngati thonje lopindidwa mwaluso, nsidze zometa n'kuzijambulanso ndi pensulo, madiresi aatali oterera. Zovala anatigawira kale, bambo asanagonekedwe m'chipatala. Ine anandipatsa kuti ndiyende ndi a Wilma, agogo amene ndimawasambitsa ndi kuwadyetsa.

Kubwera kumaliro mukudziwa kuti mapepala okhalira kuno anandimanga miyendo. Masiku anga opuma anathera pa kulira kumene abale a kumpingo anadzatikhalira nako kunyumba kwathu, choncho Loweruka lija, tsiku lachisangalalolo, ndinayenera kubwerera kuntchito. Nditadzuka ndinapeza uthenga wa achimwene woti malume ameta anthu onse, kuyambira inu. Ndinatenga makina ometera a bambo a Tiffany, ndinalowa kubafa, n'kumeta mpala. Ndinameta ndekha, popanda wondigwira mutu, ndikulira. Kenako ndinamanga duku ndi kunyamuka.

Apa ndi pamene ndinalakwa. Abwana athu, mayi achifundo, anandiuza kuti ngati mtima sukulola ndisavale kanthu, ndingothandiza kugawa tiyi. Palibe anandikakamiza. Koma anzanga anali atayamba kale kusuzumira dukulo, wina n'kufunsa motsitsa mawu ngati ndikudwala khansa. Ndinatopa ndisanayambe n'komwe kufotokoza kuti kwathu timatero bambo akatisiya. Ndinaona wigi ili patebulo, ndinaganiza kuti imeneyi palibe aifunse mafunso. Ndinachita manyazi ndi mutu wanga, amayi, mutu womwe ndinametera bambo.

A Wilma atandiona anaseka, anati wigiyo ndaivala ngati chisoti cha mlonda. Iwowa anakulira ku South Bend, kumene mayi awo ankagulitsa matikiti panyumba yoonetsera kanema, ndiye za mafilimuwa sapikisana ndi munthu. Anandigwaditsa patsogolo pa njinga yawo ya olumala kuti akonze wigiyo. Zala zawo zitalowa kunsi kwa wigi zinakhudza khungu lokhalokha. Atandifunsa, ndinawauza zonse.

Sanandipepese mwachizolowezi. Anandiuza kuti mayi awo ankayeretsa tsitsi mlungu ndi mlungu ndi mankhwala otentha, kuti afanane ndi akazi a pakanema aja, mpaka linayamba kutsalira papilo. Akuti ankamva kuti ena mwa otchukawo nawonso kunsi kwa wigi kunalibe chooneka, koma kamera ikawaloza ankamwetulira basi. Atatero anaikonza wigi ija bwinobwino, anandipaka okha milomo, n'kundiuza kuti ndiwakankhire kuholo tisachedwe.

Ndikanatha kukuuzani kuti kuseka kwa pachithunzi kuja kunali kwa ntchito chabe, ndipo mwina mukanandikhulupirira. Koma lingakhale bodza. Filimu itafika pa nyimbo, madala wina woyendera ndodo anandipempha kuti tivine. Anandiponda chala, a Wilma anamukalipira kuti ndi chifukwa chake anakalamba wosakwatira, ndipo ine ndinaseka zenizeni, mpaka nthiti kuwawa. Kwa kanthawi ndinaiwaliratu kuti bambo kulibe. Anatijambula nthawi imeneyo. Akuntchito anachiika pa intaneti, wina wa kumpingo anachiona, ndipo chithunzi chinafika kumudzi kumene ine mwini wake ndinalephera kufika.

Chimene chikundidya si miseche ya anthu ayi, koma kuiwala kuja. Inu munali pamphasa, mutu uli mpala, anthu akukuyang'anani ngati mayi amene mwana wake sadziwa maliro, ine ndikuvina. Bambo a Tiffany akuti ndisadzizunze, poti malemu eni ake anali munthu wa nthabwala ndipo akanangoseka. Mwina ndi zoona. Koma amene ndawachititsa manyazi ndi inu amoyo, ndipo madzi akatayika saoleka. Pepani, amayi. Ndalakwa.

Tsitsi lija sindinataye. Ndinalikulunga pakansalu, lili m'kabati. Ndikudziwa kuti lanu nonse malume anakalikwirira pamodzi, ndipo langa lokha ndi limene likusowa kolowera. A Dixon a kumpingo kwathu akubwera kumudzi pa Khirisimasi, ndipo avomera kulinyamula ngati akuluakulu atalola. Koma sindifuna kuyendetsa nkhaniyi kudzera kwa achimwene. Ndikufuna kumva kwa inu.

Pempho langa ndi limodzi. Lamlungu likudzali tikaweruka kutchalitchi ndidzaimba pafoni ya achimwene, ija timaonerana nkhope. Chonde mudzailandire. Ngati simudzafuna kundiyankhula, musadzayankhule. Mukafuna kundikalipira, ndidzamvetsera mpaka mumalize.

Mundiperekere moni kwa malume ndi akazi awo, ndipo muwathokoze chifukwa cha zonse anasenza. Moni kwa azakhali, kwa achimwene ndi alamu anga, kwa mng'ono wanga Lucia ndi ana ake, ndiponso kwa amayi a chigwirizano amene akumagona nanu m'nyumba. Mkamwini wanu akupereka moni mwaulemu, ndipo Tiffany akuti agogo aone chibowo cha dzino lake.

Amayi, tsitsi layamba kale kumera. Bambo a Tiffany akuti ndingometanso Loweruka kuti mudzaone bwino, koma ndakana, chifukwa kumeneko kungakhale kumetera mlandu, osati bambo. Ndinawametera kamodzi, ndipo ndi komweko ndikufuna mudzaone ndi maso anu ndikadzavula duku. Musachedwe kundiyankha, lingadzakule musanandione.

Ambuye akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Sophia