Maritza Si Msuweni Wanga

Quito, 14 Malichi

Okondedwa achimwene a Wilmer,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, bondo lija likuwalola kupita kumsika? Ine ndili bwino, kungoti chifukwa cha kuzizira kwa kuno chifuwa sichikundisiya. Tchizi chimene munapatsira a Ramón a basi chinafika, ngakhale theka linathera m'njira.

Nkhani ili ku ligi ya mpira ya m'dera lathu, kumene ndimaphunzitsa timu ya atsikana. Andiimitsa. Loweruka likubwerali komiti ikhala pansi, ndipo akandichotsa ndiye kuti timu yatha, poti palibe kochi wina amene angaitenge.

Mwambo wa tsiku lotsegulira ligi mukuudziwa. Timu iliyonse imaguba pambuyo pa madrina wake, mkazi wotchena atanyamula maluwa, woulutsa n'kutchula dzina lake ndi ubale wake kwa kochi. Pamapeto kochi amamupsompsona, anthu n'kuwomba m'manja. Chaka chino atsikana anasankha mkazi wanga Maritza. Akanasankhanso ndani? Ndi amene amawaphikira ndi kuwamanga mabala.

Chaka chatha madala a komiti anapenta utawaleza pageti, chizindikiro cha ife okwatirana akazi kapena amuna okhaokha, n'kulemba kuti bwaloli ndi la aliyense. Anaitana a khonsolo, anajambulitsa mimba zili patsogolo, ndipo a Segundo, wapampando, analankhula mpaka misozi kulengeza. Ine kupusa, ndinakhulupirira.

Tsiku litayandikira, a Segundo anandikokera pambali akumwetulira ngati akundipatsa mphatso. Anati Maritza aguba, vuto palibe, koma woulutsa adzanena kuti ndi msuweni wanga. Nditakwinya nkhope anadabwa zenizeni.

"Iwe mwana, wadandaula chiyani? Tonse timatero. Wanga uja chaka chilichonse amamutchula kuti mwana wa mlongo wanga, unamvapo munthu akufunsa?"

Mwamvatu, achimwene. Ulemu waukulu umene mitu yawo inakwanitsa kuuganiza ndi kuika mkazi wanga pamzere umodzi ndi zibwenzi zawo zamseri. Ma madrina a akuluakuluwa ndi asuweni okhaokha, akazi awo enieni ali kunyumba kukazinga nthochi. Amenewo ndiye akufuna kundiphunzitsa ine khalidwe.

Tsikulo woulutsa ananenadi kuti msuweni. Maritza anangozolika, ndipo mtima unandiwawa koopsa. Titafika patsogolo pa tebulo la komiti ndinamupsompsona pakamwa, monga anachitira makochi aamuna onse amene anadutsa ine ndisanafike. Atsikana anawomba m'manja. A Segundo anatsamwa ndi mowa.

Mlandu wanga akuti ndi kuchita zamanyazi pamaso pa ana. Ana omwewo Lamulungu lililonse amamva madalawa akutukwana oimbira mpira mpaka kutchula za amayi awo, koma pamenepo makutu a ana sawawa.

Tsopano ati apeza njira yondithandizira. Wachibale wanga mmodzi atsimikize pafoni kuti Maritza ndi msuweni wathu, ndi kuti kwathu ku Chone asuweni timalonjerana choncho. Zikatero nkhani yatha, ine ndibwerere pantchito, utawaleza wawo ukhalebe pageti. Nambala yanu anaitenga kwa a Ramón, ndiye muyembekezere foni.

Ndikukudziwani, mtima wanu ndi wofewa, mudzafuna kundipulumutsa. Atsikana ndalankhula nawo. Ena analira, poti bwalo lija ndi malo okhawo kumene palibe amene amawafunsa kuti akwatiwa liti. Koma kaputeni wawo, Dayana, anati bola kukasewera pamsewu kusiyana ndi kuguba pambuyo pa bodza. Sindikubisirani, ndili ndi mantha. Timuyi ndinaiyamba ndi mpira wobwereka, ndipo sindikudziwa kuti Lamulungu ndizikatani ikatha.

Pempho langa ndi limodzi. Akaimba, musaname pofuna kunditeteza. Inu munaima ngati mboni tsiku la ukwati wathu, mutavala jekete lokuthinani lija. Muwauze a Segundo kuti Maritza ndi mlamu wanu, ndipo mukweze mawu, poti makutu awo amamva zokhazo zimene akufuna.

Mundiperekere moni kwa alamu a Gladys, kwa ana, ndi kwa azakhali a Zoila. Amayi muwauze asamanyamule zolemera. Maritza ali pambali panga pano, akuti moni kwa apongozi ake.

Ndine mlongo wanu,
Yadira