Feggie Anasankhidwa, Amayi

Kapelula, Kasungu
6 Okutobala

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Phalombe. Azakhali akupezako bwanji chitulukireni m'chipatala? Ayamba kudya? Ife kuno tilipo. Abambo chifuwa chija chinasiya, ndipo ali kalikiliki kuthirira nazale ya fodya, poti eni esiteti akufuna mbande zikhale zokonzeka mvula yoyamba ikangogwa. Dzuwa lakuno mukulidziwa.

Mudabwa kuti ndalemba kalata ngati kuti foni kulibe. Ndakuimbirani katatu sabata ino, ndipo katatu konse ndathera kufunsa za nandolo. Pakamwa pakundikanika. Inu amene mukuwawerengera amayi kalatayi, chonde musadumphe mzere ngakhale umodzi.

Amayi, Feggie anasankhidwa.

Dzina lake ndinaliona ndi maso angawa pakhoma la ofesi ya ahedi: Fomu 1, sekondale yoyendera ya kutsidya kwa dambo ija. Zija ndinakuuzani kuti sanasankhidwe, linali bodza langa.

Nditaona dzinalo, mtima unandiwawa. Mwana wodziwa masamu chotere, akaphunzire kusukulu yopanda labotale, kumene buku limodzi amalimbirana ana khumi? Ndinali nditangobwera kumene ndi digiri yanga, magazi akuwira. Ndikadutsa pampanda wa sukulu ya ana a mabwana ku Mtunthama, ndinkalumbira kuti mlongo wanga sadzakalambira m'chigafa akusoka fodya. Ndiye ndinaganiza zomwe ambiri amachita: abwereze Sitandade 8, chaka chamawa akhoze kwambiri, apite kusekondale yogonera komweko. Ndinadziwa kuti inu simungalole, poti mumanena kuti mwana wamkazi sachedwetsedwa pasukulu. N'chifukwa chake ndinakunamizani.

Abambo ndinawauza kuti sukulu yoyenderayo n'kungotayako nthawi. Anati wophunzira ndine, iwo amadziwa fodya basi.

Mwini wake sindinamufunse. Ndinangomulamula kuti atseke pakamwa.

Ndamva posachedwapa kwa mnzake Fainala kuti Feggie anali atayamba kale kukonzeka. Anayenda wapansi kawiri mpaka kusekondaleko kuti adziwe nthawi yonyamukira m'mawa. Anabwereka makope a Fomu 1 kwa mwana wa matenanti anzathu, n'kumakopera notsi pamthunzi wa chigafa. Amake Fainala anamupatsa siketi yakale ya yunifolomu, iye n'kuipinda yekha ndi singano yanu ija. Pamene iye ankachita zonsezi, ine ndinavala tayi n'kupita kwa ahedi a kusekondale kukawauza kuti mwana wathu sabwera, malowo apatse wina. Anandifunsa ngati makolo akudziwa. Ndinati kholo lake ndine.

Mukukumbukira tsiku lija munamukalipira pafoni? Munati ankangosewera phada anzake akuwerenga, ndipo wakuchititsani manyazi kwa amayi anzanu a kumpingo. Ine ndinali chilili pomwepo, foniyo inali yanga. Feggie anangoti pepani amayi, kawiri, maso ali pa ine. Atatha anandibwezera foni ndi manja awiri. Sindinatsegule pakamwa. Amayi, chimenechi ndi chomwe chikundidya kuposa zonse.

Sukulu zitatsegulidwa, anapita kupulayimale masiku atatu okha. Anamukhazika benchi limodzi ndi ana amene iye ankawathandiza masamu chaka chatha, ndipo anawo anayamba kumutcha agogo a kalasi. Tsiku lachinayi anatenga ndowa n'kutsatira abambo kunazale.

Ndinamulondola kudamboko ndi mawu anga a kukoleji, za tsogolo, za masomphenya, za kupirira. Anandilola ndimalize. Kenako anati ine tsogolo langa ndinalipachika pakhoma m'felemu, likudikira ntchito, koma lake ndinakapereka kwa mwana wa eni. Anati ndimupatukire, mbande zikufota. Amayi ena amene ankatunga madzi pafupi anaseka, wina n'kufunsa ngati digiri imathirira fodya. Ndinabwerera kunyumba.

Akapitawo a pa esiteti amulemba kale dzina pagulu la owokera fodya mvula ikagwa. Mukudziwa inu kuti mwana akalowa m'munda wa esiteti nyengo imodzi, kutulukamo n'kovuta.

Lolemba ndinabwereranso kwa ahedi aja. Anandisiya pakhonde mpaka belu la masana. Atandilowetsa anati malo a Feggie anapatsa kale wina, koma pali mtsikana mmodzi amene sanaoneke chitsegulire sukulu. Akapanda kubwera pofika Lachisanu la sabata yamawa, angathe kulembera ku ofesi ya maphunziro kupempha kuti Feggie alowe m'malo mwake. Sanalonjeze kanthu. Anati akufuna kuona kholo lenileni, osati ine, ndipo ananena mokweza, aphunzitsi ena akumva. Ndinayankha kuti ndamva, bwana.

Abambo ndawaululira zonse. Sanandikalipire, bwenzi zili bwino akanatero. Koma akukana kupita kusukuluko. Akuti iwo m'maofesi lilime limawalemera, ndipo sangakaime pamaso pa aphunzitsi kutsutsa mwana amene akhala akumunyadira esiteti yonse. Akuti za sukulu ndi inu. Feggie nayenso wanenetsa kuti sapondako kusukulu iliyonse inu mukadaganizabe kuti analephera.

Ndiye ndagwira mwendo wanu, amayi, bwerani. Ndikudziwa kuti azakhali akufunika munthu pafupi, koma ndalankhula kale ndi msuweni wanga Evelyn, wavomera kuwasamala masiku anayi. Kalatayi ndapatsira a Mphepo, oyendetsa lole ya pa esiteti, amene akudzera kwanuko Lachitatu. Mukanyamuka Lamlungu mukatuluka m'tchalitchi, Lolemba mudzakhala mwafika. Ndidzakuchingamirani padepoti pa Kasungu. Mukafuna kundikalipira pomwepo anthu akuona, mudzatero, sindidzayankha.

Mwina malowo sapezeka. Ndikatero ndidzakhala ndamudyera mlongo wanga chaka, kapena sukulu yonse, ndipo sindikudziwa kuti ndidzamuyang'ana bwanji. Chikhululukiro sindikukupemphani panopa, sinafike nthawi yake.

Koma musanakwere basi, chitani chinthu chimodzi. Muimbireni Feggie pafoni ya amake Fainala, osati yanga. Mumuuze kuti mwamva kuti anakhoza. Chitulukireni mayina aja, ana a anzathu anawaimbira nthungululu, ena anawaphera nkhuku. Wathuyu palibe ndi mmodzi yemwe amene wamuuza kuti wachita bwino.

Mundiperekere moni kwa azakhali, muwauze kuti tikuwapempherera. Moni kwa amalume ndi ana onse, ndi kwa Evelyn zikomo. Mulungu akusungeni, akuyendetseni bwino pamsewu.

Ndine mwana wanu wolakwa,
Chiyamiko