Nasir Lajabu, Amene Anayambitsa Nankafumbwe

Wa ku Namadzi, m'boma la Chiradzulu. Anabadwa pa 9 Okutobala 1995, anatisiya pa 16 Juni 2020.

Achimwene, lero zakwana zaka zisanu chichokereni inu. Tinayamba ndi kuwerenga masiku mpaka sadaka ya masiku makumi anayi, kenako miyezi, pano tikuwerenga zaka. Koma njinga yamoto ikaima pakhomo la golosale yathu, amayi amadzutsabe mutu. Ndikulemba ndine mlongo wanu Hidaya, m'malo mwa onse a pakhomo.

Nthabwala munachita kubadwa nazo, koma zinadzapeza pokhala muli chaka chachiwiri ku yunivesite, mu 2016. Tsiku lina munapeza nankafumbwe atayandama mu nyemba za ku kafeteriya. Anzanu akanangomuchotsa ndi supuni n'kupitiriza kudya. Inu munamujambula, n'kumulembera uthenga wa maliro pa foni yanu yosweka galasi ija. Munati malemuyu anali wophunzira wokhulupirika, sanajombepo chakudya ngakhale kamodzi, ndipo wasiya akazi ndi ana osawerengeka m'matumba a kukhitchini. Pomwe dzuwa limalowa, sukulu yonse inali itawerenga. Umo ndi mmene linayambira tsamba lanu la nthabwala la pa intaneti, limene munalitcha Nankafumbwe.

Munali atatu. Isaac wa ku Mbulumbuzi ankajambula zithunzi, Chisoni ankakonza Chizungu ndi kukugwirani dzanja mukafuna kupyola muyeso, inu munkalemba. Nkhani zinkatuluka Lachisanu lililonse mukangochokera ku mzikiti. Mpope wouma wa ku hostelo munaulembera kalata youfunira kuchira msanga. Mbuzi ina italowa m'kalasi, munaiyamikira kuti ndi yokhayo inasunga nthawi. Palibe ankadziwa mayina anu, ngakhale aphunzitsi ankawerenga. Munatiuza kuti mmodzi ankayamba phunziro lake ponena kuti, "Nankafumbwe, ngati uli muno, lero lokha undichitire chisoni." Pa holide munkatiwerengera pakhonde, uku mukumasulira m'Chinyanja chothira Chiyao, amayi n'kumaseka mpaka kubisa nkhope mu mpango. Ine munandiuza mawu amene ndikuyenda nawobe: "Hidaya, ukafuna kuseka munthu, seka wokuposa mphamvu. Wofooka ali nawo kale omuseka okwanira."

Chaka chanu chomaliza, mu 2019, atsikana anayi anapita kwa Chisoni. Panali mphunzitsi wina amene ankawauza kuti akafuna kukhoza, akakambirane naye mu ofesi chitseko chili chotseka. Anali atakadandaula kale kwa akuluakulu, koma anawabweza kuti akabweretse umboni. Chisoni anakuchondererani kuti iyi si nkhani ya nthabwala, muisiye. Inu munalemba basi. Munalengeza za phunziro latsopano, la atsikana okhaokha, losafuna buku kapena cholembera, lophunzitsidwa pa chipinda chachitatu kuchokera pa masitepe. Dzina simunatchule, koma chitsekocho aliyense ankachidziwa.

Sabata isanathe wina anakuululani, ndipo mpaka lero sitikumudziwa. Komiti ya sukulu yosungitsa mwambo itakuitanani inafuna zinthu ziwiri: mayina a anzanu olemba nawo, ndi mayina a atsikana aja. Anati mukawatchula, mungopepesa, mulembe mayeso. Munayankha kuti, "Nankafumbwe ndi mmodzi, ndipo ndi amene mukumuonayu." Anakufunsani masiku atatu, yankho lomwelo. Anakuchotsani sukulu kutatsala miyezi iwiri kuti mulembe mayeso omaliza. Isaac ndi Chisoni anavala mikanjo yawo yomalizira maphunziro chaka chomwecho.

Tsiku limene munatsika minibasi pa Namadzi ndi sutikesi ndi chidebe, ababa anakuyang'anani ataima pakhomo la golosale. Anati, "Ndinakutuma kukatenga pepala, wandibweretsera nthabwala." Amenewo ndiwo anali mawu awo omaliza kwa inu. Miyezi khumi ndi isanu munakhala denga limodzi, kudyera mphasa imodzi, kuswali mzere umodzi, koma iwo ankangoyankha salamu yanu, basi. Zofuna kukuuzani ankatuma amayi. Ifenso, achimwene, sitinakuthandizeni. Ine ndinkaopa kuti ndikakuikirani kumbuyo andisiyitsa sukulu, ndiye ndinatseka pakamwa. Amalume a Hamadi ndi amene anakubwerekani njinga yamoto, ndipo munayamba kabaza pakati pa Namadzi ndi Mbulumbuzi. Okwera ankatsika akupukuta misozi ya phwete, ena ankachita kukudikirani kusiya njinga zina. Koma mukafika pakhomo munkazimitsa injini patali, n'kuikankha mwakachetechete kuti musawasokoneze ababa.

M'mawa wa tsiku lija kunali chiperoni, msewu sunkaoneka. Munali mutanyamula dengu la tomato la mayi wina kupita nalo ku msika. Lole inakupezani pokhota. Anthu amati munakhala ndi moyo kwa kanthawi, mukufunsa ngati wina angawauze amalume za njinga yawo. Galimoto yokutengerani ku chipatala isanapezeke, munali mutapita. Ababa anafika akuthamanga opanda nsapato, anakupezani atakufundani chitenje cha munthu amene sitikumudziwa. Anagwada pa phula n'kuyamba kukuitanani dzina. Aka kanali koyamba kuwamva akulitchula chibwerereni ku sukulu.

Tsamba lanu linakhala chete zaka zitatu. Mphunzitsi uja anadzachoka mwakachetechete atsikana ena atalankhulanso, ndipo tikumva kuti ali pa ntchito ina yabwino. Kalata yochokera ku sukuluko sitinalandirepo, ngakhale ya chipepeso. Isaac amabwera chaka chilichonse pa njinga yakapalasa, amakhala pabenchi ya pagolosale osanena zambiri. Chisoni sanafikepo. Amanditumizira uthenga kuti sanapezebe nkhope yoonekera nayo kwa amayi, chifukwa atsikana aja anawabweretsa kwa inu ndi iyeyo. Zaka zitatu zija zitatha, ophunzira atsopano analidzutsa tsambalo. Akuseketsa ndithu, za nyemba ndi za mipope sizinasinthe, koma za m'maofesi sakhudzako. Pa mbiri yawo analemba kuti amene analiyambitsa sadziwika.

Mwezi watha Isaac anabwera ndi nkhani zanu zonse atazisindikiza pa mapepala. Ababa maso anayamba kuwavuta, ndiye anandiitana kuti ndiwawerengere. Ndinafuna kuyamba ndi zoseketsa, iwo anati ayi, ndiwerenge ija inakuchotsetsani sukulu. Ndinawerenga, ndikumasulira mzere ndi mzere. Sanaseke. Nditamaliza anafunsa kuti atsikanawo anali angati. Ndinati anayi. Anafunsa ngati anamaliza sukulu. Ndinati onse anamaliza, mmodzi ndi mphunzitsi ku sekondale. Anafunsanso ngati pa anayiwo panali m'bale wathu kapena chibwenzi chanu. Ndinati panalibe, nkhaniyi isanachitike simunkawadziwa n'komwe. Anasisita mapepala aja pa bondo, kenako anati, "Ukalembe m'nyuzipepala kuti anali iyeyo. Ulembe dzina lake lonse, ndi langa lomwe."

Ndiye ndalemba, achimwene. Nankafumbwe anali Nasir Mahmud Lajabu, mwana wa a Mahmud Lajabu a pa Namadzi.

Allah akukhululukireni, akukulitsireni manda anu ndi kuwawalitsa. Akukulirani ababa anu, amayi anu a Latifa, amalume a Hamadi, achemwali a Bushra ndi ine Hidaya. Tikadali ndi mpweya, dzina lanu silidzachoka pakamwa pathu.