Malonje Anga Akadali Pakhosi

Loweruka, ku Maputo.

Tsiku lowawa, mapazi atupa. Ndafika dzulo kuchokera ku Milange, koma mpaka pano achimwene sanandifunse malonje. Kwathu mlendo sayamba yekha kufotokoza za kumudzi, amadikira amufunse.

Lero andiyendetsa wapansi mzinda wonse: linga lakale la Apwitikizi, siteshoni ya sitima, nyumba yachitsulo. Pachiboliboli chilichonse amvekere, "Ima apa Rozina, ndikujambule." Ine n'kuima, nkhani ya amayi ili pakhosi. Asiya kudya, akungoitana achimwene omwewa.

M'tchalitchi chachikulu ndinagwada nthawi yaitali, kuti mwina afunsa amene ndikumupempherera. Anangoti, "Fulumira, dzuwa likupita."

Anthu amkuwa a paziboliboli aja achimwene akuwadziwa onse, maina ndi zaka zimene anafa. Amayi, amene akupumabe, sanawatchule n'kamodzi komwe.